Mnzawo wa a Mphindi Ali ndi Vuto la Maso

M'kashopu kawo kokonzera mawotchi, kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi chipinda cha wojambula zithunzi za ziphaso, a Mphindi anali ataweramira wotchi ya mphunzitsi wina yomwe inali itagona chotsegula kwa milungu itatu. Pakhomo panada, ndipo analowa mkamwini wawo, tayi ili pakhosi, chikwama chili m'khwapa, baji ya ntchito yatsopano ikulendewera pamtima ngati belu la ng'ombe.

Dzina loti Mphindi anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa aliyense wobwera ndi wotchi ankamuuza kuti adikire mphindi zisanu zokha. Kale zinkakhaladi zisanu. Koma chaka chino diso lamanzere linali litachita nkhungu, lamanja nalo litayamba kutsanzira mnzake, ndipo mphindi zisanu zija zinayamba kutha masabata. Sanauze munthu. Ndipo akanati auze munthu, sakanayambira mkamwini uyu, amene tsiku loyamba kufika pakhomo pawo, atauzidwa kuti akhale pansi, anasiya mpando n'kukhaladi pa simenti.

Atapatsana moni wa ana ndi wa mayi awo, mkamwiniyo anafotokoza ataima njo kuti boma lamulemba ntchito yophunzitsa anthu za inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo sabata ino akuyendera anthu odzilemba okha ntchito.

"Boma lakutumani kwa ine," anatero a Mphindi osadzutsa mutu. "Landisowa."

"Silinatchule dzina lanu, bambo. Langoti mashopu onse a mumsewu uno."

"Ndiye mwathamangira kuno chifukwa cha chikondi."

"Ayi, ndikutsata manambala a zitseko. Ndayambira kwa ometa. Inu ndinu achisanu ndi chiwiri."

A Mphindi anachotsa kagalasi kawo padiso, n'kukapukuta ndi malaya ngati vuto linali kagalasiko. Anati inshuwalansi amaidziwa bwino, anali nayo ya njinga yamoto. Tsiku lomwe anagunda munthu, wolipidwa anali munthu wogundidwayo, iwo n'kutsala ndi mabala komanso njinga yopindika.

"Ndiye yanuyi ndaimva kale. Ine ndikadwala chifuwa, mankhwala mukapereka kwa amene ndamukhosomolera."

Mkamwini anatsegula chikwama, natulutsa kabuku, nayendetsa chala m'mizere yake mpaka kumapeto.

"Zimenezo sanalembemo. Koma wokhosomoleredwayo ngati analembetsa payekha, alandira."

"Mwandikhazika mtima pansi. Ndimamudera nkhawa."

"Ambiri amatero," anatero mkamwini, n'kuyala timapepala titatu pathebulo, pamwamba penipeni pa zitsulo.

Anati njira zilipo zitatu, munthu amasankha yomuyenera. A Mphindi anatola kapepala kamodzi, nakayandikiza kumaso, nakatalikitsa, kenaka anakaponya pathebulo n'kunena kuti boma likuumira inki, zilembo zake ngati mapazi a nyerere. Mkamwini anati adandaule polemba kalata, adilesi ili kuseri. Kenaka anayamba kufotokoza ndi mawu aja ophunzira kumsonkhano, osapumira pomwe anthu amapumira.

Njira yoyamba inali ya anthu osowa, amene alibe popezera. Amenewo sapereka kanthu, amangolandira khadi, ndipo akadwala amakaonetsa khadiyo kuchipatala.

"Ya osowa," anatero a Mphindi. "Mwayang'ana shopu yanga, mwayang'ana nsapato zanga, mwaona kuti muyambire pamenepo."

"Nsapato sindinayang'ane, bambo." Anawerama n'kusuzumira kunsi kwa thebulo. "Zilibe vuto. Ndayambira pamenepo chifukwa ndi nambala wani."

Njira yachiwiri inali ya anthu odzilemba okha ntchito, monga atelala, ometa ndi okonza zinthu. Amenewo amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo khadi yake imakwana mwiniwake, mkazi wake ndi ana osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. A Mphindi anafunsa kuti nanga chaka chikatha osadwala, zosonkha zija amabweza? Mkamwini anati ayi, zimathandiza ena amene adwala chakacho, monganso za ena zidzathandizire iwo tsiku lawo likadzafika.

"Ndiye kuti ndizidzuka m'mamawa, kudzapinda msana pano, kuti wometa uja akachotsetse dzino."

"Wometa walembetsa njira yachiwiri, inde. Koma za dzino sananene."

"Ndipo ndikafuna kupindula, ndiyesetse kudwala."

"Sitilimbikitsa zimenezo, bambo."

Njira yachitatu mkamwini anaitchula mosamala pang'ono, koma anaitchulabe. Inali ya okalamba, kuyambira zaka makumi asanu ndi limodzi. A Mphindi anaika pansi kachitsulo kopanira komwe kanali m'manja. Anafunsa kuti m'chipinda muno, mwa anthu awiri alimowa, wokalamba ndi uti. Mkamwini anatembenuka, nayang'ana kukhomo ngati mwina mwalowa wachitatu, kenaka anati malinga ndi kabukuka, ndi iwo, popeza phwando lawo la zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi anadya nawo ndipo mipando ananyamula ndi iye.

"Ndiye mwandibweretsera zitatu: ndikhale wosauka, ndikhale wopusa, kapena ndikhale nkhalamba."

"Ya opusa palibe, bambo. Zilipo zitatu zokhazi."

Asanayankhe, mkamwini anali atatulutsa kale fomu ndi cholembera. Anati ngakhale munthu akane, pali mafunso ochepa oti boma lidziwe kuti anafikiridwa. Anafunsa ngati ali ndi matenda okhalitsa.

"Alipo amodzi. Anandiyamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsiku la ukwati wa mwana wanga."

"Amakupwetekani pati?"

"Akabwera amaima pakhomo n'kutchinga kuwala."

Mkamwini analemba pang'onopang'ono, akutchula mawuwo chapansipansi, kenaka anasuntha pang'ono kuti aone bwino fomu, kuwala n'kulowa. Anafunsa za makutu, a Mphindi anati mwatsoka amamva zonse. Anafunsa za maso.

"Maso angawa?" A Mphindi anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. "Ine ndikhoza kuwerenga nsidze za munthu ali tsidya la msewu. Lembani zimenezo, boma lisangalale."

Analemba. Kenaka anafunsa funso lomaliza, ngati alowa njira ina iliyonse, ndipo a Mphindi anati alowa tsiku lomwe mawotchi onse a m'dziko adzagwirizane nthawi. Mkamwini anati tsiku lotero pafomu palibe, ndiye angochonga poti wakana. Anachonga. Anayamba kusonkhanitsa timapepala take mwaulemu, osakwiya, osanyengerera, zomwe zinawakwiyitsa a Mphindi kuposa china chilichonse. Iwo anali atakonzekera kukana kasanu.

Akutseka chikwama, mkamwini anati wangotsala ndi mawu awiri amene amayenera kuuza aliyense. Kalembera wa chaka chino atsekedwa Lachisanu, wotsalira adikire chaka chamawa. Ndipo njira yachitatu ija, kuwonjezera pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, imalipiranso opaleshoni ya ng'ala, maso onse awiri.

A Mphindi anadzutsa mutu. Mtengo wa opaleshoniyo ankaudziwa, anali atafunsa mwakabisira kwa mayi wa m'sitolo ya mankhwala, ndipo tsiku limenelo anabwerera m'shopu akudziwa kuti sangaukwanitse. Chaka chamawa chinali kutali. Mphunzitsi wa wotchi uja anali atabwera kale kawiri, ulendo wachiwiri osakhala n'komwe pampando.

Mkamwini anali atafika pakhomo.

"Akamwini. Imani kaye." Anakhosomola. "Pali mnzanga wina."

Mkamwini anabwerera, natsegulanso chikwama.

"Ali ndi kavuto ka maso. Pang'ono. Akuti amaona ngati m'nyumba muli utsi."

"Ayambe waona ngati mulibe utsi."

"Mulibe utsi."

"Ndiye ikhoza kukhala ng'ala. Ali ndi zaka zingati?"

A Mphindi anati ndi wamsinkhu wawo, anabadwa chaka chimodzi. Mkamwini anati ndiye kuti ndi wokalamba, ndipo a Mphindi ananena kuti mnzawoyo, inde, tinganene kuti wakulako. Ntchito yake? Amagwira tinthu ting'onoting'ono. Tinthu tanji? Tating'ono basi, boma lisalowerere. Mkamwini anatulutsa fomu yatsopano n'kufunsa dzina, ndipo a Mphindi anati dzina lisiyidwe kaye, fomuyo aisiye pathebulo, iwo akamupatsa.

"Sizitheka, bambo. Ndiyenera kumuona ndi maso. Amakhala kuti?"

"Kutali."

"Ndili ndi njinga ya kuntchito."

"Kulibe msewu."

"Ndiyenda pansi."

"Ali ndi agalu anayi, ndipo sanadye chiyambire Lolemba."

"Ndipita masana, ndikaima pageti n'kuitana."

"Munthu wake sagwirizana ndi akamwini."

"Ine si mkamwini wake."

A Mphindi anayang'ana kudenga. Mwana wawo wamkazi anali ndi mutu wabwino, sukulu anakhoza, amuna omufuna analipo mpaka mphunzitsi wa sekondale. Anasankha uyu.

Mkamwini anafunsa ngati mnzawoyo ali ndi ana, ndipo atamva kuti ali nawo, anadabwa kuti bwanji osangowauza anawo amuperekeze ku ofesi. Apa a Mphindi anayankha msanga, mawu atatsika. Anati ana a masiku ano ukawauza kuti diso lachita nkhungu, mawa lake amabwera ndi loko, kutseka shopu, kukugulira mpando wofewa n'kukuika pakhonde kuti uziwerenga magalimoto. Zitsulo zako amazipatsa adzukulu aziseweretsa. Munthu amene anthu ankamudikirira pamzere amayamba kudikira kuti wina amubweretsere tiyi.

Mkamwini anamvetsera mutu uli chopendekeka. Kenaka anapukusa mutu.

"Pepani bambo, poti ndi mnzanu. Koma munthu ameneyu ndi wamakani."

"Si wamakani. Ndi munthu wodzilemekeza."

"Ng'ala amachotsa m'mawa, madzulo munthu ali kunyumba. Iye wasankha kuchita khungu kuti asunge shopu yomwe sadzaionanso. Kumeneko ndi kusaganiza."

"Mukunena munthu amene simukumudziwa."

"N'chifukwa chake ndikufuna kupita. Anthu oterewa tinaphunzira za iwo. Amavutitsa mabanja awo kwambiri."

"Munthu ameneyo," anatero a Mphindi akugogoda thebulo ndi chala, "analera ana anayi ndi manja akewa. Ake. Manja ake. Anaphunzitsa mwana wamkazi mpaka kukoleji, kuti adzatengedwe ndi munthu wina woyenda ndi chikwama."

"Ndiye ndi ofanana ndi inu zambiri."

"Tinakulira limodzi."

Kuseri kwa khoma wojambula zithunzi ankauza munthu kuti asamwetulire. A Mphindi anaona kuti njira ya agalu yatsekeka, ndipo anaganiza zodulira. Anapisa m'thumba la jekete lomwe linali pamsomali, natulutsa chiphaso chawo, nachiika pathebulo mosayang'anako, ngati munthu wotaya khadi yosafunika pamasewera.

Anati mnzawoyo chiphaso chake chinatayika. Koma poti amafanana nkhope, msinkhu ndi chaka chobadwa, mkamwini angolemba za pachiphaso ichi, nkhani ithe.

Mkamwini anachitola, nachiyang'ana, nayang'ana a Mphindi, nachibweza ndi manja awiri.

"Ichi ndi chanu, bambo."

"Ndiye ndanena kuti timafanana."

"Kulembetsa munthu ndi chiphaso cha wina ndi chinyengo. Ine angandichotse ntchito, inu angakutengereni kukhoti. Komanso dokotala akadzayeza maso a pachiphasochi adzapeza kuti ndi abwinobwino."

"Sadzapeza zimenezo."

"Adzapeza. Zili pafomu." Anatulutsa fomu yoyamba ija n'kuwerenga momveka bwino. "Amawerenga nsidze za munthu ali tsidya la msewu."

A Mphindi anatseka maso onse awiri, labwino pang'ono ndi loipa lomwe. Anaona kuti pazaka zonse zomwe akhala akunyoza anthu, aka kanali koyamba munthu kuwasungira mawu awo m'chikwama.

"Akamwini, khalani pansi. Pampando."

Anakhala.

"Mnzangayo kulibe. Ndine."

Mkamwini anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope yake itafewa ngati ya munthu amene waona chinthu chokhudza mtima.

"Bambo, muli ndi mtima wabwino. Si ambiri angadzinamizire matenda chifukwa cha mnzawo. Koma sindingalole."

"Ndikukuuzani kuti ndine."

"Mphindi khumi zapitazo munali bwinobwino."

"Ndimanama."

"Nthawi iti? Ija kapena ino?"

"Ija."

"Nanga agalu?"

"Kulibe agalu."

"Ndiye ndikhoza kupita."

A Mphindi anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo. Wojambula zithunzi anazimitsa wailesi yake kuti amve bwino. Iwo anatambasula dzanja kuloza khoma lakumbuyo, pomwe panapachikidwa mawotchi khumi ndi awiri, ena amatabwa, ena apulasitiki, onse akuyenda.

Anamuuza kuti awerenge mawotchiwo. Mkamwini anawerenga n'kupeza khumi ndi awiri. Anamuuza kuti onsewo anawakonza okha, ena asanabadwe mkazi wa mkamwiniyo. Ndipo anamuuza kuti chiyambire mwezi wachitatu, iwo, a Mphindi, mwini wake wa khoma limenelo, nthawi amaimvera pa wailesi ya wojambula zithunzi. Wailesiyo ikazima, amatuluka panja n'kufunsa wodutsa, akunamizira kuti akufuna kuyesa ngati wotchi ya munthuyo ikulondola.

Mawu omalizawo sanawakonzekere. Anadzutsa mpando n'kukhalanso, manja ali pamaondo, akuyang'ana pomwe ankaganiza kuti pali nkhope ya mkamwini.

Mkamwini anatenga fomu yoyamba ija, naipinda kanayi, naiika m'thumba la malaya osati m'chikwama. Anasalaza yatsopano pathebulo, natenga chiphaso chija n'kuyamba kukopera.

Atafika pa bokosi la njira, anafunsa kuti achonge iti. A Mphindi anati yachiwiri, ya anthu ogwira ntchito ndi manja awo. Mkamwini anati yachiwiri imalipira kuyeza maso ndi magalasi, koma opaleshoni ili ku yachitatu. A Mphindi anafunsa ngati munthu sangalowe yachitatu koma khadi n'kulembedwa yachiwiri. Sizitheka. Anafunsa ngati pakhadipo pamalembedwa mawu aja oti okalamba. Mkamwini anati pamangokhala nambala ndi chithunzi.

"Nambala yake yosonyeza ukalamba."

"Yosonyeza inuyo."

"Chongani. Koma mulembe pambali kuti walowa monyinyirika."

"Malo ake palibe, bambo."

"Boma lili ndi malo a nsidze, koma a maganizo a munthu lilibe."

Mkamwini anati akhoza kudandaula polemba kalata. Kenaka anafotokoza zotsala, ulendo uno pang'onopang'ono, ndi mawu ake enieni. Khadi imatuluka pakatha masiku ochepa, koma kapepala komwe awasiyire kagwira ntchito kuyambira lero. Amayamba diso limodzi, linalo pakapita milungu. Shopu angatseke masiku owerengeka okha. A Mphindi anafunsa ngati dokotala wake ndi wamkulu kapena ndi ana omwe amaphunzirira pa anthu, ndipo mkamwini anati zaka za dokotala m'kabuku mulibe.

Potsiriza anawapatsa cholembera. A Mphindi anachigwira monga amagwirira zitsulo zawo, mwaluso, n'kuweramira pepala. Mzere wosainapo sunaoneke. Anayendetsa nsonga uku ndi uku ngati akusankha malo abwino. Mkamwini anaika chala chake pomwe mzere unayambira, ndipo a Mphindi anasaina pafupi ndi chalacho, siginecha yaikulu yokhala ndi mchira.

"Tsopano mverani," anatero akubweza cholembera. "Zimene zayankhulidwa muno zithere muno. Mkazi wanu asamve. Mayi ake asamve. Ndidzawauza ndekha ikadzakwana nthawi."

"Za pafomu ndi zachinsinsi, bambo. Sindiloledwa kuuza munthu."

"Kanthu kamodzi kanzeru komwe boma laganiza."

Mkamwini anatseka chikwama, nakonza baji yake, natsanzika mwaulemu wonse. A Mphindi anabwezera kagalasi padiso n'kuweramiranso ntchito, mtima utapepuka moti anayamba kuganiza kuti mwina mwana wawo sanalakwitse kwambiri. Munthu wopanda nzeru zokhotakhota ali ndi ubwino wake: sakuzindikira, ndipo ukamuuza kuti atseke pakamwa amatsekadi.

Pakhomo panadanso. Mkamwini anali atasuzumira, dzanja lili pachitseko.

"Ndinaiwala, bambo. Mnzanu uja mukamuuze kuti Lachinayi asatsegule shopu. Mwana wake wamkazi anamupezera kale malo kwa dokotala wa maso mwezi watha. Chimangosowa ndi siginecha."